Rozi wa njere: zomwe zimamera ukalisiya duwa kuti libereke

Ife Amalawi amene timagwira ntchito za m'gadeni kuno ku Joni timawadziwa marozi kuposa eni ake. Timadziwa kuti amaduliridwa kumapeto kwa Julayi, kuti Okutobala akafika amachita maluwa mpaka mpanda osaoneka, ndiponso kuti matalala a mu Novembala akhoza kuphwasula ntchito ya miyezi itatu munthu usanamalize n'komwe kumwa tiyi. Koma mutafunsa mu takisi ya ku Randburg Lolemba m'mawa kuti ndani anaionapo njere ya rozi ndi maso ake, oyankha angakhale ochepa. Si umbuli ayi. Ntchito imene amatilipira ndi yoletsa rozi kubereka. Duwa likangoyamba kufota, sizasi yafika kale. Timatero chifukwa mtengo ukagwira zipatso umachepetsa maluwa, mphamvu zake n'kupita ku njere. Ukamaulanda, umangophukira ena. Madamu amafuna maluwa, ndipo munda ndi wawo.

Nanga marozi onse a ku nazale aja amachokera kuti? Amachita kumezanitsa. Amasema kadiso pa nthambi ya mtundu umene akuufuna, n'kukalowetsa pansi pa khungwa la tsinde la rozi wina wolimba mizu. Kuno tsinde lodziwika ndi lija amati Natal Briar. Ena amangodula nthambi n'kuizika mu mchenga. Njira zonse ziwirizi sizibala mwana, zimangochulukitsa mtengo womwewo. Woyera uja amene ali pa geti lililonse kuyambira Sandton mpaka Alberton, m'magalaja a mafuta ndi pa khomo la tchalitchi, dzina lake Iceberg, anamutulutsa Reimer Kordes ku Germany mu 1958. Inali mbande imodzi yokha, yomera pa njere imodzi. Wachikasu wokhala ndi pinki m'mphepete uja, Peace, ndi wa Francis Meilland wa ku France. Anaphatikiza makolo ake mu 1935, ndipo dzina lakuti Peace linaperekedwa ndi anthu a ku America mu 1945 nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ikutha. Choncho ndikaima ndi payipi pa Iceberg wa madamu, ndimakhala ndikuthirira chidutswa cha mtengo umene wadutsa zaka 60, ndipo mnzanga amene akuthirira wake ku Bryanston akuthirira mtengo womwewo.

Njere ndi nkhani ina. M'kati mwake muli theka la mayi ndi theka la bambo, ndipo bamboyo kawirikawiri sadziwika, ndi njuchi yokha imene ikudziwa kumene inatenga mungu. Ngakhale duwa litadzipatsa lokha mungu, marozi a m'gadeni ndi osakanizika kwa mibadwo yambiri moti zimene zimatuluka sizifanana ndi kholo. Mayi woyera akhoza kubala wa pinki. Mayi wa timasamba tambirimbiri akhoza kubala wa timasamba tisanu tokha ngati rozi wakutchire. Wonunkhira amabala wosanunkhira popanda manyazi.

N'chifukwa chake ndinene msanga, wina asadzandidandaule. Ngati mukufuna marozi odzaza mpanda kapena ogulitsa pa msewu, musataye nthawi ndi njere. Dulani nthambi muzike, mudzapeza zomwe mukuzidziwa (ingosamalani, mitundu yambiri yatsopano ili ndi eni ake mwalamulo, ndipo kuichulukitsa n'kumagulitsa ndi mlandu). Njere ndi za munthu amene ali ndi chidwi chofuna kuona duwa lomwe palibe wina analionapo, ndipo wavomera kuti nthawi zambiri duwalo silidzaposa kholo lake.

Ine zanga zinayambira kuseri kwa kanyumba ka injini ya swimming pool, kumene kuli Iceberg mmodzi woiwalika amene sizasi siimfikafika. M'mwezi wa Meyi ndinampeza atanyamula tizipatso ta mtundu wa lalanje, kukula ngati nsonga ya chala. Ndinapempha kwa madamu. Anandiyang'ana modabwa, n'kunena kuti nditenge, zinyalala zimenezo alibe nazo ntchito. Kupempha n'kofunika, achimwene, ngakhale pa zinyalala. Ndipo ku Emmarentia, kumene kuli munda wa marozi wa Johannesburg Botanical Garden, kapenyeni ndi maso Lamlungu mukaweruka ku mapemphero, manja akhale m'thumba.

Kachipatso ka rozi kamatenga pafupifupi miyezi inayi kuti kakhwime duwa likafota. Ndiye kuno, ngati mukufuna njere, sankhani nthambi ziwiri kapena zitatu za kuseri, muleke kuzichotsa maluwa kumapeto kwa Januwale kapena mu Febuluwale, mudzakolole mu Meyi chisanu cha Juni chisanakhwime. Mangani kansalu pa nthambiyo, chifukwa dzanja lozolowera sizasi silifunsa. Kachipatso kakayamba kusiya ubiriwiri n'kulowa chikasu, lalanje kapena kufiira, koma kakadali kolimba, ndi nthawi yake. Kakada n'kukwinyika, njere zimakhala zagona tulo tofa nato, zovuta kudzutsa. Si rozi aliyense amene amabereka. Ena ndi osabala chibadwire, ena timasamba tawo tinathithikana moti njuchi ilibe polowera. Maluwa a m'sitolo aja a pa 14 Febuluwale muwaiwale. Anadulidwa asanatsegule n'komwe.

Tengani mpeni waung'ono, mucheke kachipatso pakati mosamala. Mupeza njere zotuwa, zolimba ngati timiyala, zosafanana maonekedwe, zina ziwiri zokha, zina khumi ndi kuposerapo, zitakutidwa ndi tiubweya toyera tonyezimira. Tiubweya timeneto musatipeputse. Tikakufikani pakati pa zala kapena m'khosi, kuyabwa kwake n'kwa chitedze, ndipo mukakanda ndiye mwaputa zambiri. Valani magolovesi, musagwire m'maso, ndipo musachitire ntchitoyi pa mbale imene mwana adyerepo. Kolowolani njerezo ndi nsonga ya mpeni, muziike mu sefa ya tiyi, muzitsuke pa mpopi mukuzipukusa ndi chala mpaka mnofu wonse utachoka. Mnofu wotsalira ndi umene umaitana chuku, komanso uli ndi mankhwala achilengedwe oletsa njere kumera msanga. Ena amaziviika pang'ono m'madzi osakaniza ndi hydrogen peroxide wa ku famase kuti aphe tizilombo, zimathandiza. Za kuziponya m'madzi n'kutaya zoyandama, anthu amakamba kwambiri, koma ine sinditaya. Ndaona zoyandama zikumera, zomira zili duu.

Chofunika n'chakuti zisaume. Njere ya rozi si ya mpiru yoti muisunge mu botolo mpaka chaka chamawa. Ikangotuluka m'chipatso ipite pachinyezi.

Tsopano pabwere nkhani ya chisanu, imene inandivuta kuimvetsa poyamba chifukwa kwathu mbewu imafuna mvula ndi dothi lofunda basi. Marozi kwawo n'kumpoto kwa dziko lapansi: ku Asia, ku Ulaya, ku North America. Kummwera kuno kulibe rozi wachilengedwe, ndipo mu Africa muno wachilengedwe yekhayo kumunsi kwa chipululu cha Sahara ndi Rosa abyssinica wa m'mapiri a ku Ethiopia. Kumene marozi anachokera, njere yomera itangogwa pansi imakumana ndi chipale chofewa ikadali yanthete, n'kufa. Ndiye mtunduwu unaphunzira kudikira. Njere siidzuka mpaka itamva kuzizira kwa masabata ambiri ili pachinyezi, kenaka n'kumva kuti kwayamba kufunda. Ntchito yathu ndi kuinamiza kuti yadutsa m'nyengo imeneyo.

Njira yosavuta ndi firiji. Nyowetsani kapepala kopukutira m'khitchini kapena mchenga wotsuka, mufinye mpaka madzi asiye kudontha, muyale njere, mupinde, muike mu pulasitiki yotseka. Lembani tsiku ndi dzina la mayi wake, chifukwa pakatha mwezi simudzakumbukira. Muike m'kabati ya ndiwo zamasamba, kumene kumazizira madigiri 1 mpaka 5, osati mu freezer. Zikhale momwemo masabata 8 mpaka 12. Sabata iliyonse tsegulani muone: ngati pepala lachita chuku, tsukani njere musinthe pepala, ngati lauma, dontheza madzi.

Kunena n'kosavuta. Ife timakhala m'chipinda chimodzi cha kuseri kwa nyumba ya eni, ndipo firiji yathu ndi yaing'ono, ya m'chiuno. Mayi a kunyumba atapeza mapulasitiki anga pakati pa tomato ndi usipa wochokera kumudzi, anatulutsa imodzi n'kuigwira ndi zala ziwiri.

"Abambo, kodi firiji yanga yasanduka dimba?"

"Ndi mbewu, mayi, musataye."

"Mbewu yodya?"

"Ya maluwa."

Anangoti kukamwa yasa, kenaka n'kuseka mpaka kukhala pa bedi. Tinagwirizana kuti zonse zilowe m'kontena imodzi ya majarini yolembedwa dzina langa, ndipo isadutse malire a ngodya yakumanzere. Mgwirizano umenewu ukugwirabe ntchito.

Nthawi ija magetsi ankazimazima maola ambiri patsiku ndinkada nkhawa, koma njere sizinasamale. Firiji yosatsegulidwa imasunga kuzizira kwa maola angapo, ndipo ngakhale kutchire kuzizira sikukhala kofanana usana ndi usiku. Amene alibe firiji asataye mtima. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, ndipo usiku wa Juni ndi Julayi umagwetsa chisanu mpaka udzu kuyera. Madala ena a ku Mzimba amene akhala akugwira m'magadeni kuno kuyambira kale amangofesa mu thireyi mu Meyi, n'kuiika kummwera kwa khoma kumene dzuwa la m'nyengo yozizira silifika, n'kuvindikira ndi neti kuopa mbewa ndi mbalame. Vuto la njira imeneyi ndi limodzi: chisanu cha kuno n'chouma, mvula kulibe, mphepo imamwa chinyezi chonse. Mukaiwala kuthirira sabata imodzi, mwayambiranso.

Cha mu Ogasiti mudzaona njere zina zitang'ambika, kamuzu koyera katasuzumira, zikadali m'firiji momwemo. Zimenezo zitoleni ndi kamtengo kapena kasupuni, osati ndi zala, chifukwa kamuzuko kakathyoka palibe kachiwiri. Zotsalazo muzifese zonse masabata akakwana. Dothi likhale lopepuka, losasunga madzi: kompositi wosefa bwino kusakaniza ndi mchenga wa mumtsinje, kapena dothi la mbande logula. Dothi lofiira la m'gadeni ayi, limaumbika. Kuya kwake theka la sentimita. Makapu a yogati oboola pansi amakwana. Aikeni powala koma posawomba dzuwa la masana. Njere za rozi zimakonda kumera kukadali kozizirira, ndiye amene amachedwa mpaka kutentha kwa Okutobala amapeza zambiri zitabwerera kukagona.

Sizimera zonse, ndipo sizimera tsiku limodzi. Kumera pang'ono n'kwachibadwa kwa marozi a m'gadeni. Mukafesa dzanja lodzaza n'kupeza mbande zowerengeka pa zala, simunalakwitse kanthu. Zina zimatuluka sabata yachiwiri, zina mwezi wachiwiri, zina zimadikira chisanu china n'kudzamera chaka chotsatira, choncho thireyi musaikhuthule msanga.

Poyamba pamatuluka timasamba tiwiri tobulungira, tosalala, tosaoneka ngati ta rozi n'komwe. Pakati pake m'pamene pamabwera tsamba lenileni, la mano m'mphepete, nthawi zambiri lofiirira. Apa ndiye pamene pamafera mbande zambiri. Madzulo imakhala itaima bwinobwino, m'mawa mupeza yagona, tsinde litanyala pamene likukhudzana ndi dothi ngati wina walitsina. Ndi matenda a chuku cha m'dothi, ndipo amabwera ndi chikondi chopitirira: madzi ambiri, mpweya wochepa, mbande zothithikana. Thirirani m'mawa, kuchokera pansi ngati n'kotheka, pamwamba pa dothi paziuma pang'ono musanathirirenso. Kuwaza mchenga wouma pamwamba kumathandiza. Yogwayo ichotseni pamodzi ndi dothi lake nthawi yomweyo. Nkhono nazo zimadya thireyi yonse usiku umodzi, choncho makapu asagone pansi.

Masamba enieni akafika atatu kapena anayi, samutsirani mbande iliyonse mu mphika wake, muyambe kuipatsa feteleza wosungunula wochepa mphamvu, theka la muyezo wolembedwa pa botolo.

Chimene chimandigwira mtima chaka chilichonse ndi ichi. Mbande ya rozi wa mtundu wochita maluwa mobwerezabwereza siidikira kukula. Pakatha masabata 6 mpaka 8 chimerereni, kamtengo kosafika kutalika kwa chikhatho, tsinde lake ngati ndodo ya machesi, kamanyamula kamphukira ka duwa pansonga, kolemera moti kamaweramitsa mutu. Khalidwe limeneli linachokera ku marozi a ku China amene anafika ku Ulaya kumapeto kwa zaka za m'ma 1700. Asanafike, marozi ambiri a kumeneko ankachita maluwa kamodzi pachaka basi. Mbande za marozi akutchire ndi ena okwera makoma zimatha zaka ziwiri kapena zitatu zisanaonetse duwa. Ndiye ngati zanu zangokula masamba chaka choyamba, mwina zatengera kumeneko.

Duwa loyambalo ndi laling'ono, ndipo timasamba take timakhala tochepa kuyerekeza ndi mmene tidzakhalire mtengo ukakula. Koma mtundu wake ndi fungo lake zimaoneka pomwepo. Ana a Iceberg wa kuseri uja anatuluka motere: angapo oyera koma ofooka, duwa lake lomayoyoka tsiku lachiwiri, mmodzi wa pinki wotuwa wa timasamba tisanu, pakati pali tinsinga tachikasu tomwe njuchi zinkachita kulimbirana, wina anachita chuku choyera m'masamba asanatsegule n'komwe duwa. Wa pinki uja ndiye ndinamusunga. Pa nazale palibe angamuyang'ane kawiri. Koma samagwidwa mawanga akuda ngakhale mvula ya Januwale itagwa sabata yathunthu, ndipo m'mawa amanunkhira, chinthu chimene mayi wake sachita kwenikweni.

Apa m'pamene pali ntchito yeniyeni, ndipo ambiri amalephera pomwepa: kuzula. Munthu wasamala kanthu kuyambira Meyi, wakangana ndi akazi ake chifukwa cha iko, ndiye umuuze kuti akataye? Koma akatswiri a ntchitoyi, a Kordes, a Meilland, a David Austin a ku England, amafesa njere zikwizikwi chaka chilichonse, n'kutulutsa pa msika mitundu yowerengeka chabe patapita zaka pafupifupi khumi akuyesa ndi kutaya. Ngati iwo, amene amasankha makolo ndi mabuku m'manja, amataya chonchi, ife a njere za njuchi tisamadzinamize kuti mbande iliyonse ndi mphatso. Ine muyezo wanga ndi wouma mtima. Yodwaladwala imapita ngakhale duwa lake likongole bwanji, chifukwa ndaona ndalama zimene mabwana amathera pa mankhwala opopera, ndipo ine ndilibe. Yosaphukanso itatha duwa loyamba imapatsidwa chaka chimodzi. Yokongola koma yofooka mizu ikhoza kupulumuka pomezanitsa, ngati muli ndi dzanja lake.

Pali rozi mmodzi amene ndikupempheni musamufese. Amene anadutsapo kummawa kwa Free State, cha ku Clarens ndi Ficksburg, kapena kulowa mu Lesotho m'miyezi ya Epulo ndi Meyi, anaona zitsamba za minga m'mphepete mwa msewu zitafiira ndi tizipatso. Ameneyo ndi Rosa rubiginosa, wochokera ku Ulaya. Ku Lesotho anthu amatola zipatso zake n'kugulitsa kwa opanga tiyi ndi mafuta odzola, ndipo mabanja amapezapo ndalama. Koma muno mu South Africa ali pa mndandanda wa zomera zolowerera zimene lamulo limaletsa kudzala, chifukwa mbalame zimamwaza njere zake n'kutseka malo odyetsera ziweto.  Zisiyeni komweko.

Za kudya, inde, zipatso za rozi zimadyedwa, ndipo zili ndi vitamini C wambiri. Pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ku Britain ana a sukulu ankazitola m'tchire kuti apangire manyuchi opatsa makanda malalanje atasowa. Koma za m'magadeni a mabwana athu, amene timapopera tokha mankhwala masabata awiri aliwonse, musaike mkamwa.

Munthu akalawa kamodzi amafuna kusankha yekha bambo. Si zovuta. Mu Okutobala kapena Novembala, pezani duwa limene latsala tsiku limodzi kuti litsegule, muthothole timasamba tonse, mudule tinsinga tonyamula mungu tisanaphulike, musiye pakati pokha. Kwa bamboyo dulani tinsinga tomweto, mutiike mu kapu youma usiku umodzi. M'mawa mupeza fumbi lachikasu pansi. Pakani fumbilo ndi nsonga ya chala pa mayi uja, muvindikire ndi kapepala masiku angapo kuopa njuchi ndi mvula, mumange chizindikiro. Zikagwira, tsinde la duwa limakhalabe lobiriwira n'kuyamba kutupa. Zikakanika, limachita chikasu n'kugwa, ndipo zimakanika kawirikawiri. Chaka chino ndikufuna kupereka mungu wa rozi wofiira kwambiri wa kwa neba wa madamu kwa wa pinki wanga uja; wolima kumeneko ndi mnyamata wa ku Mangochi, ndipo tapangana kale kuti adzandisungira duwa limodzi akapempha kwa abwana ake.

Chondiletsa kuchulukitsa si njere kapena nthawi, ndi malo. Eni nyumba anandilola zidebe zisanu za penti, za malita 20, m'mbali mwa khoma pafupi ndi mpopi, ndipo ananenetsa kuti chachisanu ndi chimodzi asachione. Zidebe zili ndi ubwino wake, tsiku losamuka zimakwera bakkie limodzi ndi bedi. Koma zikutanthauza kuti mbande yatsopano ikapambana, wina wakale atuluke. Ulendo uno akutuluka ndi woyera wina amene amachita maluwa ambiri koma osanunkhira. Mayi wina wa kutchalitchi kwathu amene amakhala ku Cosmo City anamupempha kalekale, ndipo ndawauza kuti adzabwere ndi chidebe chawo mu Julayi ndikamaliza kumudulira.